Chala chimene chinaloza manda a Majidu

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka zopitirira makumi anayi. Kwathu ndi ku Ntaja ku Machinga, koma ndili kuno ku Joni kuyambira nthawi ija ndege za Wenela zinaima. Anzanga anabwerera kumudzi, ine ndinazembera m'tauni. Ndimagwira ntchito m'butchala ya Mmwenye ku Mayfair, ndipo ndimagona m'kachipinda ka kuseri kwa butchalayo. Magazini yanu imatipeza mochedwa, imabwera ndi madalaivala a malole, ndipo imazungulira khomo ndi khomo mpaka masamba kuthothoka. Tsamba lanu ndi limene timayambira kuwerenga, tikumaseka mavuto a anzathu. Lero ndabwera ndi anga.

Nkhani yake ndi chala. Musaseke, Aphungu, chifukwa onse amene ndawauza amayamba n'kuseka. Ndi chala chamkombaphala cha dzanja lamanja. Mukachiona simungapeze cholakwika. Sichinatupe, chilibe bala, chilibe mafinya. Pansi pa chikhadabo pali kadontho kakang'ono kobiriwira ngati pamene padontha inki, ndipo chikhadabocho chili ndi kamzere kotukuka. Basi. Koma pakadonthopo pakangokhudza chinthu, kaya batani la malaya, kaya m'mphepete mwa bulangete, ndimamva ngati munthu wandikhoma msomali wamoto, ndipo ululuwo umathamanga mpaka paphewa. Pambali pake mukhoza kukanikiza mmene mungathere, sindimva kanthu. Ndi malo amodzi okhawo, aang'ono ngati mutu wa machesi.

Ndikuuzeni mmene zinayambira, kapena mmene anthu akunenera kuti zinayambira. Ndinali ndi mnzanga Majidu, wa mudzi woyandikana ndi wathu. Tinakwera ndege imodzi, tinagwira mgodi umodzi, tinatsalanso limodzi kuno. Majidu anamwalira ndi chifuwa, ndipo tinamuika konkuno, kumanda a Asilamu kunja kwa tauni. Kumudzi anasiya mkazi ali ndi pakati, ndipo mwana wake Hajara sanamuonepo. Pamandapo palibe mwala. Panali kachitsulo kachizindikiro, koma kanazuka kalekale, ndipo mwa anthu amene tinanyamula jeneza ya maliro ake tsiku limenelo ndatsala ndekha kuno. Ndimapadziwa chifukwa cha mtengo wa bulugamu wopindika umene uli chakumutu.

Zaka zitatu zapitazo kunafika mng'ono wake wa Majidu, Maliki, amene anabwera pa kontirakiti ya mgodi. Lamulungu lina anandipeza n'kunena kuti amayi ake anamutuma akaone pamene pagona mwana wawo. Tinapita. Titafika ndinatambasula dzanja n'kunena kuti, "Ndi apo, pafupi ndi mtengo uwo." Maliki anandimenya dzanja. Anati, "Achimwene, manda salozedwa! Lumani chalacho msanga, chingawole." Ine ndinangoseka. Ndinati, "Iwe Maliki, zimenezo tinkauzidwa tili ana kuti tisamasewere kumanda. Kuno ndi ku Joni." Sindinalume. Tinachita duwa yopempherera malemuyo, tinabwerera. Chisanu cha chaka chomwecho chala chinayamba.

Aphungu, chisanu cha kuno si cha kwathu. Mwezi wa Juni madzi amaundana mumpopi. Ndiye ntchito yanga ndi yolowa m'chipinda chozizira kumene timapachika nyama, kutuluka, kulowanso, tsiku lonse. Ndikangotsekula chitseko chake, chala chimayamba kulira ndisanagwire kanthu. Udhu wa m'mawa, kusamba kuja ndi madzi ozizira tisanapemphere, wasanduka chilango, moti masiku ena ndimaima pampopi n'kumangoyang'ana madzi ngati mwana woopa kusamba. Ndinasiyanso kupereka moni wa m'manja. Kumzikiti Lachisanu, tsiku la Juma, anthu akamagwirana chanza, ine ndimaika dzanja pachifuwa n'kudutsa. Ena akuti ndayamba matama chifukwa ndimadya nyama tsiku lililonse. Zimandiwawa mumtima, chifukwa ine si munthu wotero.

Musaganize kuti ndangokhala. Kukiliniki ndapita kangapo. Anandipatsa mapilitsi a nyamakazi, osathandiza. Anajambula ekisire, akuti fupa lili bwinobwino. Wina anaganiza kuti muli mafinya, anaboola kunsonga, kunatuluka magazi okhaokha. Ulendo womaliza nesi anayang'ana chala, anayang'ana ine, n'kundifunsa ngati ndili ndi maganizo ambiri. Bwana wanga nayenso akandiona nditagwira dzanja amangoti, "Wena vilapha," kutanthauza kuti ndine waulesi. Munthu amene ndamunyamulira miyendo ya ng'ombe zaka zonsezi.

Zachipatala zitakanika, anthu akwathu anakumbukira za manda zija, poti Maliki anali atafotokozera aliyense. A Binali, mkulu amene amatiweruza tikayambana kuno, anati, "Mwana wanga, sikuchedwa. Luma tsopano." Ndinaluma, Aphungu. Ndinadzidzimuka ndili pansi, anthu akundikupiza ndi katoni. A Binali anapukusa mutu n'kunena kuti, "Ndiye kuti mnzakoyo wachigwiritsa." Ananditengera kwa sing'anga amene ananditema mphini kuzungulira mkono, koma chimene ndinapindula ndi zipsera. Shehe wathu yekha ndi amene anakana. Anati, "Zimenezo si za chipembedzo. Wakufa alibe mphamvu pa chala cha munthu." Ndimawakhulupirira a Shehe masana. Koma usiku chala chikayamba, ndimapezeka ndikulankhula ndi Majidu, kumufunsa kuti ndinamulakwira chiyani.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene chimaletsa ululu. Tsiku lina ndikumanga katundu panjinga ya butchala, ndinakulunga legeni pamkono kuti manja akhale omasuka, ndipo inathina. Patapita kanthawi ndinazindikira kuti chala chakhala chete. Ndinakhudza pakadontho paja, zii. Nditamasula, ululu unabwerera ngati galu wotsekuliridwa chitseko. Kuyambira pamenepo ndimayenda ndi legeni m'thumba, ndipo zikafika povuta ndimamanga mpaka dzanja kuchita dzanzi. A Binali akuti umenewo ndi umboni woti chinthucho chimayenda m'magazi, ndipo ndikamanga ndimachitsekera njira.

Tsopano ndifike pachenicheni. Ndili ndi mnzanga Ambrose, wa ku Dedza, amene amalondera mafulati ku Berea. Iye zala ziwiri zinatsala mumgodi, mwala unamugwera. M'chisanu chino amavala sokosi kudzanja limenelo n'kulipisa m'khwapa, koma amaseka, amagwira ntchito, amagona tulo. Tsiku lina atandiona ndikubuula anati, "Hayikona, mfowethu, mbale wanga, ukuvutikiranji? Chala chimene kulibe sichipweteka. Uli ndi macheka pantchito pako, sekondi imodzi basi, bwana adzati ngozi. Ukapatse Majidu chala chakecho akusiye." Ananena moseka, koma mawuwo anandilowa. Macheka a magetsi amene timadulira mafupa ndimawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo ndikudziwa kuti fupa la chala silingawachedwetse. Kawiri konse ndaima pamenepo nditayatsa, chala nditachiika pathebulo.

Ndaganiza zodikira mpaka Idi ya Kurubani mu Ogasiti akubwerayu ipite, chifukwa nthawi imeneyo timazinga nkhosa zambiri ndipo sindikufuna kusiya anzanga pamoto. Ikangodutsa, ndichita. Sindikufuna kufa, Aphungu, musandimve molakwa. Ndikungofuna kupereka moni ngati munthu, ndi kusamba m'manja osalira. Komabe mtima wina ukundiuza kuti ndifunse kaye, poti safunsa anadya phula. Kodi matenda otere alipo, kapena mutu wanga ndi umene wasokonekera monga ananenera nesi uja? Nanga ngati ndi Majidu, adzandisiya ndikadula?

T.S., Mayfair, Joni

Bambo T.S.,

Choyamba, chokani pa machekapo. Kalata yanu ndaidumphitsa mzere, ndasiya anthu a mavuto a chikondi akudikira, kuti yankho ili likupezeni nkhosa za Idi zisanazingidwe. Macheka amenewo anapangira ng'ombe yakufa. Inu muli moyo, ndipo chala chanu, mmene ndikuonera, n'chochizika.

Sindinaseke. Ine si dokotala, choncho kalata yanu ndinapita nayo kwa dokotala wina kuno ku Blantyre amene amachita maopaleshoni a manja, dzina lanu nditaliphimba. Atawerenga pang'ono anaima n'kunena kuti, "Mukamufunse munthuyu ngati ululuwo umakula ndi kuzizira." Ndinati apitirize kuwerenga. Atafika pa nkhani ya legeni anamenya thebulo. Anati, "Bamboyu wadziyeza yekha mayeso onse. Changotsala n'chakuti wina amumvetsere." Anachenjeza kuti sangagamule asanaone chalacho ndi maso, ndipo inenso ndikubwereza chenjezo lomwelo. Koma zimene mwalemba zikufanana kwambiri ndi matenda odziwika, amene ali ndi dzina m'mabuku awo.

Anandifotokozera motere. Kunsonga kwa zala zathu, makamaka pansi pa zikhadabo, kuli timagulu ta timitsempha ta magazi timene ntchito yake ndi kutsekula ndi kutseka njira ya magazi malinga ndi kutentha kapena kuzizira. Nthawi zina kamodzi mwa timeneti kamakula mopitirira n'kukhala kachotupa, kakang'ono ngati njere ya mapira, mwina ya mpunga. Kamakhala kopanikizika pakati pa chikhadabo ndi fupa, pamalo odzaza ndi mitsempha yomvera ululu. N'chifukwa chake kanthu kosaoneka kakugwetsa bambo wonyamula miyendo ya ng'ombe. Zizindikiro zake ndi zomwe mwatchulazo: ululu woopsa, malo amodzi enieni osakhudzika, ndi kudana ndi kuzizira. Kadontho kobiriwira ndi kamzere ka pachikhadabo ndi mboni zowonjezera. Madokotala amakatcha glomus tumour. Lembani mawu awiriwa pakapepala monga ndawalembera. Pafupifupi nthawi zonse kachotupa kameneka si khansa ndipo sikafalikira m'thupi.

Za legeni, a Binali anaphonya pang'ono chabe. Magazi akukhudzidwadi, koma palibe chimene chikuyenda. Kachotupako n'kopangidwa ndi timitsempha ta magazi, ndiye mukatseka magazi kamafota n'kukhala chete, mukamasula kamadzazanso. Madokotala amachita zomwezo mwadala, ndi lamba woyezera kuthamanga kwa magazi uja, kuti atsimikize matendawa. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amayang'ana wotchi. Inu mukumanga mpaka dzanja kuchita dzanzi, ndipo tsiku lina mudzapha mitsempha ya mkono wonse pofuna kutonthoza chala chimodzi. Legeni ibwerere panjinga lero lomwe.

Musawakwiyire kwambiri a kukiliniki. Matendawa ndi osowa, madokotala ena amagwira ntchito mpaka kupuma osakumana nawo, ndipo pa ekisire nthawi zambiri saoneka, kupatula ngati kachotupako kakumba kadzenje pafupa. Dokotala uja akuti odwala ambiri amazungulira zaka ngati inu, ndipo ambiri amauzidwa kuti ndi maganizo. Mutu wanu uli bwino, bambo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo inu mwakhala mukugogoda pa zitseko zolakwika.

Chitseko choyenera ndi chipatala chachikulu chimene chili ndi madokotala a manja, ndipo kumeneko ku Joni zipatala zotere zilipo. Bwererani kukiliniki mukapemphe kalata yokutumizani kwa dokotala wa manja. Musakangoti chala chikupweteka, chifukwa adzakupatsaninso mapilitsi a nyamakazi. Kafotokozeni monga mwandifotokozera ine, za kuzizira, za malo amodzi aja, za legeni, ndipo mukapereke kapepala kaja. Akakakana, pitani kwina. Tengani munthu wodziwa bwino Chingerezi ngati chanu chimathawa mukaona jasi loyera. A Shehe anu andisangalatsa, yambani mwapempha iwo.

Mukakafika, dokotala adzatenga mutu wa phini n'kumakanikiza pang'onopang'ono pachikhadabo mpaka atapeza malo enieniwo. Zidzapweteka, koma kanthawi kochepa, ndipo ndi mmene amadziwira pokumba. Mwina adzakuviikani chala m'madzi ozizira, adzakumangani lamba uja, adzajambulanso ekisire. Akatsimikiza, opaleshoni yake si yoopsa. Kawirikawiri sagoneka munthu tulo. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi patsinde pa chala, amatseka magazi kuti aone bwino, amatukula chikhadabo, amang'amba pang'ono kanyama ka pansi pake, n'kusolola kachotupako kathunthu. Akatero amasoka ndi ulusi wopyapyala ndipo nthawi zambiri amabwezerapo chikhadabo chakale kuti chiteteze bala. Ambiri amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Kanthuko amakatumiza kokayeza kuti atsimikize chimene chinali, ndipo inu mukafunse zotsatira zake.

Sindikunamizani kuti zonse ndi uchi. Bala lidzapweteka kwa masabata angapo, koma ndi ululu wa bala wamba, umene umachepa tsiku ndi tsiku. Chikhadabo chatsopano chimatenga miyezi kuti chimere, ndipo mwina chidzamera ndi kamzere kapena chokhota pang'ono. Nthawi zina kachidutswa kakatsalira, kapena ngati tinalipo tiwiri, ululu umabwerera ndipo amayenera kutsekulanso. Zikadzatero mudzabwerere kwa dokotala yemweyo, osati kwa macheka. Bala lisanapole musakhudze nyama yaiwisi kapena madzi a m'butchala, ndipo mukapemphe kalata ya dokotala yopita kwa bwana wanu. Munthu amene amati "wena vilapha" amamva msanga pepala la chidindo kusiyana ndi kubuula kwa wantchito. Pakadali pano valani magolovesi awiri polowa m'chipinda chozizira, kapena sinthanani ntchito ndi mnzanu, ndipo udhu chitani ndi madzi ofunda. A Shehe akuuzani ngati pali choletsa, koma ine sindinamvepo.

Tsopano za mlangizi wanu wa ku Berea. Ambrose ndi mnzanu ndipo amakufunirani zabwino, koma mwandiuza nokha kuti m'chisanu amavala sokosi kudzanja n'kulipisa m'khwapa. Mukuganiza kuti akufunditsa chiyani? Mufunseni m'mawa wina kukuzizira, muli awiriwiri, ngati zala zimene kulibezo sizipweteka. Dokotala uja akuti mitsempha yodulidwa imatha kumera kamfundo kunsonga kwa chitsa, kopweteka kukhudza ndi kodana ndi kuzizira, ndipo ena amamva ululu m'chala chimene chinakwiriridwa kalekale. Mukhoza kutaya chala n'kutsala ndi ululu womwewo. Onjezanipo macheka odzaza mafuta a nyama, magazi otayika muli nokha, ndi dzanja lonjenjemera limene lingapereke zala zitatu m'malo mwa chimodzi. Ambrose sanasankhe, mwala unamusankhira. Inu musadzigwetsere mwala nokha. Ndipo maganizo amenewa musawasungenso nokha. Auzeni a Shehe zimene mwandiuzazi, ndipo mpaka mutaonana ndi dokotala, wina aziyatsa machekawo.

Ndatsala ndi funso lanu lomaliza, limene ndikuona kuti ndi limene likukuwawani koposa. Mwambo wosaloza manda tonse tinakula nawo, ndipo ndi wabwino, umaphunzitsa mwana ulemu kwa ogona. Koma taganizani za anthu ogwira ntchito kumanda amenewo, amene amalozera alendo manda kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Akanakhala opanda zala onse. Inu simunaloze mwachipongwe. Mayi wokalamba anatuma mwana wake ulendo wautali kuti akaone pamene pagona mwana wake wina, ndipo inu munamuonetsa. Chinabwera pambuyo pake ndi chisanu, ndipo chisanu ndi chimene chimadzutsa kachotupa kotere. Majidu munakwera naye ndege imodzi, munalowa naye pansi pa nthaka, munamunyamula paphewa. Zaka zitatu tsopano mwakhala mukumuimba mlandu munthu amene sangadziyankhire. Mumasuleni mnzanuyo.

Chenjezo langa ndi ili. Musadikire Idi kuti muyambe kuyenda, nkhosa zidzazingidwa ngakhale inu mulibe. Ndipo ngati kadonthoko kayamba kuda, kukula kapena kutuluka magazi, thamangani tsiku lomwelo, chifukwa pansi pa chikhadabo pamatha kubisala matenda ena oopsa kuposa amenewa.

Mwalemba kuti pamanda a Majidu palibe mwala, kachitsulo kanazuka, ndipo mwa onyamula jeneza mwatsala nokha. Hajara akukula, bambo. Tsiku lina adzatsika basi ku Joni, adzafunsa njira ya ku Mayfair, adzakupezani, ndipo adzati, "Bambo anga agona pati?" Chalacho chisungeni. Mudzamulozere nacho.

Aphungu